"Ndimamwa Loweruka lokha": zimene ndaona pofunsa achinyamata za mowa

Ndine namwino, ndipo ambiri amene amalowa m'chipinda changa ndi a zaka za pakati pa 18 ndi 25: ophunzira a m'makoleji, ena oti angoyamba kumene ntchito, ena akuisakabe. Amabwera ndi mutu, m'mimba, bala lofunika kusoka, ena kudzayezetsa magazi kapena kudzatenga njira yolera. Wodzera nkhani ya mowa ndi wosowa kwambiri. Komabe aliyense ndimamufunsa za mowa, kaya wabwera ndi chimfine chabe, kaya akuoneka wofatsa chotani. Ndalemba izi poganizira anzanga a zaumoyo amene amachita manyazi kufunsa, komanso achinyamata amene angafune kudzifunsa okha.

Pali anzanga pantchito amene amati kufunsa aliyense n'kutaya nthawi, poti chidakwa sichibisika: fungo, maso ofiira, manja onjenjemera. Zimenezo n'zoona kwa bambo amene wamwa zaka 30. Mnyamata wa zaka 21 thupi lake likadali lamphamvu, chiwindi sichinayambe kudandaula, ndipo Lolemba m'mawa amafika atasamba, atatchena, akulankhula zomveka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achinyamata kawirikawiri mowa suwapha pang'onopang'ono, umawapha usiku umodzi: ngozi ya pamsewu, ndewu, kumira m'madzi, kugwa pamalo okwera, kutsamwa ndi masanzi ali m'tulo, kudzipha. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2018 linati mowa unachititsa imfa pafupifupi 3 miliyoni mu 2016, ndipo mwa anthu a zaka 20 mpaka 39, imfa 13.5 pa 100 zilizonse zinali zokhudzana ndi mowa. Munthu sachita kukhala chidakwa kuti alowe m'chiwerengero chimenechi.

Funso loti "Mumamwa mowa?" silithandiza. Yankho lake ndimalidziwa asanatsegule n'komwe pakamwa: "Mwa apo ndi apo," kapena "Pang'ono chabe, Loweruka lokha." Sikuti akunama. M'maganizo mwake womwa kwambiri ndi uja wotsegula botolo m'mawa uliwonse, ndiye iye amene amatha sabata yonse osalawa angakhale bwanji m'gulu limenelo? Funso lothandiza ndi lofuna nambala. Kangati? Angati? Botolo lake lalikulu bwanji?

Apa m'pamene pamafunika kufatsa, chifukwa mabotolo safanana. WHO imawerengera muyezo umodzi wa chakumwa ngati magalamu 10 a alcohol, chinthu choledzeretsa chimene chili mu mowa. Botolo la mowa la 330 ml lolembedwa 5% muli magalamu pafupifupi 13. La 500 ml muli pafupifupi 20, ndiye kuti miyezo iwiri. Botolo la vinyo la 750 ml la 12% muli miyezo pafupifupi 7. Kabotolo ka mowa waukali ka 200 ml ka 40%, kolowa m'thumba la jekete kaja, muli miyezo 6. Wondiuza kuti "ndinangomwa kamodzi kokha" akhoza kukhala atamwa zoposa mnzake wa mabotolo anayi. Masamu ake ndi osavuta: mamililita kuchulukitsa ndi peresenti, kugawa ndi 100, kenako kuchulukitsa ndi 0.79. Amene amawerenga malangizo pa intaneti adziwe kuti mayiko amasiyana: ku Britain muyezo ndi magalamu 8, ku America ndi 14. Pa tebulo langa pali pepala lojambulidwa mabotolo ndi matambula osiyanasiyana, ndipo ndimangoti, "Lozani chimene mumamwa."

Mafunso amene ndimagwiritsa ntchito amatchedwa AUDIT. WHO inawatulutsa mu 1989 atawayesa m'mayiko angapo, ndipo buku lake linakonzedwanso mu 2001. Alipo 10, lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 4, onse pamodzi 40. Atatu oyamba ndi a kuchuluka kwa mowa: mumamwa kangati, tsiku limene mwamwa mumamwa miyezo ingati, ndipo ndi kangati pamene mumamwa miyezo 6 kapena kuposa nthawi imodzi. Atatu otsatira amafufuza ngati mowa wayamba kumulamulira munthu: kulephera kusiya ukayamba, kulephera kuchita zimene umayenera kuchita, kufuna mowa m'mawa kuti thupi likhale m'malo. Anayi omaliza ndi a zotsatira zake: kudziimba mlandu, kuiwala za usiku wapitawo, kuvulala kapena kuvulaza wina, komanso ngati wachibale, mnzako kapena dokotala anadandaulapo ndi kamwedwe kako. Wopeza mapointi osafika 8 timangomupatsa uthenga wa zaumoyo. Kuyambira 8 mpaka 15 timakambirana naye mwachidule zochepetsa. Kuyambira 16 mpaka 19 pamafunika uphungu ndi kumuonanso. Kuyambira 20 timamutumiza kukapimidwa bwino, chifukwa mwina thupi layamba kudalira mowa.

Pa mzere pakakhala anthu ambiri ndimayamba ndi atatu oyamba okha, otchedwa AUDIT-C, amene satha ngakhale mphindi ziwiri. Mapointi ake amalekera pa 12. Malire amene ambiri amatsatira ndi 4 kwa mwamuna ndi 3 kwa mkazi, ngakhale ku Britain amayambira pa 5. Akafika pamalirewo ndimapitiriza ndi otsala aja.

Mnyamata wina anabwera kudzachotsa ulusi pa bala la pamwamba pa diso. Anati anagwa pa masitepe. Ndikuchotsa ulusiwo ndinamuuza mawu amene ndimauza aliyense: "Achimwene, pali mafunso a mowa amene ndimafunsa aliyense wolowa muno, si inu nokha ayi. Zimene mundiuze zithera muno. Ndingafunse?" Mawu oti "aliyense" amamasula munthu, chifukwa amaona kuti sindinamuone chilichonse pankhope. Anaseka n'kuti, "Funsani anesi, koma ine ndi wa Loweruka lokha."

Loweruka lokha ndiye kuti kanayi pa mwezi, mapointi 2. Nditamufunsa mabotolo, anayamba ndi "anayi kapena asanu." Sindinatsutse. Ndinangoti, "Tiyeni tiyende ndi Loweruka lathali. Munayamba nthawi yanji, muli kuti?" Mabotolo atatu anamwera kunyumba kwa mnzake asananyamuke, ndipo awa sanawawerengere, poti kwa iye kumwa kumayamba akafika kumalo omwera. Kumeneko anamwa anayi. Mabotolo 7 a 330 ml ndi miyezo 9, mapointi 3. Kupitirira miyezo 6 sabata iliyonse, mapointi enanso 3. Mafunso atatu okha anafika kale pa 8. Kuiwala za usiku pafupifupi kamodzi pa mwezi, 2. Kujomba kalasi chifukwa cha matsire nthawi zina, 1. Pa funso la kuvulala anakhala chete, kenako analoza bala lija, mapointi 4. Zonse pamodzi 15.

Nambala ikatuluka ntchito imakhala itangoyamba. Ukaiponya ngati chigamulo cha khoti, munthu amavomera ndi mutu kuti atuluke msanga, ndipo sabweranso. Achinyamata alalikiridwa kale za mowa ndi makolo, aphunzitsi ndi ena ambiri, ulaliki wa namwino sungawonjezere kanthu. Ndimapempha kaye chilolezo: "Mukufuna ndikuuzeni tanthauzo la 15 ameneyu?" Ndikafotokoza ndimafunsa, "Inuyo mukuziona bwanji?" kenako ndimatseka pakamwa. Kukhala chete kumeneko n'kovuta kwa ife anamwino, tinazolowera kulangiza.

Ndimafunsanso chimene amaukondera mowawo, ndipo ambiri amadabwa. Mnyamata uja anati akamwa manyazi amachoka, amatha kulankhula ndi atsikana, komanso anzake onse amamwa choncho, akasiya acheza ndi ndani? Zimenezi n'zenizeni, ndipo wozinyalanyaza sangamuthandize. Za "onse amamwa choncho" zili ndi mbiri yake: mu 1986 ofufuza awiri a ku America, Perkins ndi Berkowitz, anaonetsa kuti ophunzira a ku koleji amaganiza kuti anzawo amakonda kumwa kwambiri kuposa mmene zilili. Woledzera amamveka patali, wosamwa samveka. Lipoti la WHO lija linati oposa theka la anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo padziko lonse sanamwe mowa chaka chonse.

Kenako ndinamufunsa mnyamata uja, "Kuyambira 0 mpaka 10, mtima wofuna kusintha kamwedwe kanu uli pati?" Anati 4. Sindinamufunse chifukwa chimene sanafikire 10, ndinati, "Bwanji simunanene 1?" Funso limeneli limachititsa munthu kutchula yekha zifukwa zosinthira. Anati chimene chikumuopsa si bala, koma kuti sakumbuka mmene anagwera, ndipo anzake anamuonetsa vidiyo ya pafoni akutukwana munthu amene samudziwa n'komwe. Kachezedwe kotere sindinakapeke ndine. Kanachokera kwa katswiri wa zamaganizo William Miller, amene analemba za njirayi mu 1983, ndipo pambuyo pake anaikulitsa pamodzi ndi Stephen Rollnick. Mfundo yake ndi yakuti chifukwa chimene munthu watchula ndi pakamwa pake chimagwira ntchito kuposa zifukwa khumi zimene wauzidwa.

Za kuiwalazi ndimazifotokoza mofatsa, chifukwa achinyamata amazitenga ngati nthabwala yofotokozerana m'mawa mwake. Alcohol akakwera mofulumira m'magazi, mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus imasiya kusunga zinthu zatsopano. Munthu amayenda, amalankhula, amalipira, amatha kugonana ndi wina kapena kuyendetsa galimoto, koma ubongo sukulemba chilichonse. Si kuti m'mawa waiwala, zinthuzo sizinasungidwe n'komwe. Zimachitika kwambiri ukamwa mothamanga, m'mimba mulibe kanthu, makamaka mowa waukali. Chiwindi chimachotsa pafupifupi muyezo umodzi pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Khofi, madzi ozizira, kuthamanga, zonsezo zimangomudzutsa munthu koma alcohol ali m'magazi momwemo. Amene wamwa miyezo 12 n'kugona 2 koloko usiku akhoza kukhala akadali ndi mowa m'magazi pamene akugwira chiwongolero 7 koloko m'mawa. Ndimawonjezeranso ichi kwa aliyense: mnzanu akaledzera mpaka osadzuka mukamugwedeza, mugonekeni chammbali, musamusiye yekha, ndipo ngati akupuma mwapatalipatali kapena thupi lazizira, thamangirani naye kuchipatala. "Msiyeni agone, udzamuthera" ndi mawu amene aphetsa anthu.

Mnyamata uja sanalonjeze kusiya, ndipo sindinamupemphe kutero. Anasankha yekha zinthu zitatu: kusiya kumwera kunyumba asananyamuke, kudya kaye, ndi kulekera pa mabotolo anayi. Anaonanso kuti chimene chimamuthamangitsa ndi kugulirana, poti aliyense akagula ulendo wake umayenera kumwa pa liwiro la womwa mofulumira kuposa onse. Atabweranso patapita milungu ingapo anandiuza kuti Loweruka lina anakwanitsa, lina analephera, koma sanaiwalenso za usiku. Kwa ine zimenezo zinali zokwanira kupitirizira pamenepo.

Atsikana amafunika kuwafunsa mosamala kwambiri, chifukwa manyazi awo ndi aakulu ndipo anthu amawaweruza msanga. Akabwera ndi mayi awo kapena chibwenzi, ndimapempha woperekezayo adikire panja kaye. Wa zaka 18 ndi wamkulu, nkhani yake ndi yake. Mtsikana wina anabwera chifukwa chosowa tulo. Anati samapita kumalo omwera mowa, amangomwa "tambula imodzi ya vinyo" kuti agone. Usiku uliwonse. Nditamuonetsa pepala lija analoza tambula yaikulu, ndipo tinapeza kuti botolo limamuthera masiku awiri. Sanavulalepo, sanajombepo kuntchito, palibe anamudandaulapo chifukwa palibe ankadziwa. Pa mafunso atatu aja anapeza 5. Nditamufunsa kuti zinayamba liti, misozi inayamba kutsika. Zinayamba atamwalira mchemwali wake.

Apa nkhani sinalinso ya mowa wokha. Ndinamufunsa za kukhumudwa, ndipo ndinamufunsa mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Anzanga ena amaopa funso limeneli poganiza kuti limuika munthu maganizo oipa, koma kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo, ndipo ambiri amapepukidwa mtima akafunsidwa. Ndinamufotokozeranso kuti mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo ta m'bandakucha, n'chifukwa chake ankadzuka 3 koloko mtima ukugunda. Ndinamulumikizitsa ndi phungu. Ndikanangomuuza kuti achepetse vinyo, ndikanamulanda chinthu chokhacho chimene ankaona kuti chikumuthandiza, osamupatsa china.

Malire a akazi pa mafunso atatu aja ndi otsika pa chifukwa cha thupi, osati cha khalidwe. Thupi la mkazi nthawi zambiri limakhala ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la mwamuna wolemera mofanana naye, choncho mowa womwewo umakwera kwambiri m'magazi. Ndimafunsanso ngati angakhale ndi pakati kapena akufuna kutenga pakati, chifukwa palibe mlingo wa mowa umene unatsimikizika kuti ndi wabwino kwa mwana wosabadwa.

Mafunso ena aliponso. CAGE, amene dokotala John Ewing anawafalitsa mu 1984, ndi anayi okha ndipo ambiri a ife tinawaloweza kusukulu. Vuto lake ndi lakuti safunsa kuchuluka kwa mowa. Amagwira bwino munthu amene wayamba kale kudalira mowa, koma wa Loweruka lokha uja amatha kudutsa osagwidwa. Kwa a zaka zosapitirira 21 ndimakonda CRAFFT, amene anakonzedwa ndi John Knight ndi anzake ku Boston mu 1999. Muli funso limodzi limene ndimafunsa ngakhale amene samwa: munakwerapo galimoto yoyendetsedwa ndi munthu amene wamwa? Mtsikana wosalawa n'komwe mowa akhoza kufera pampando wakumbuyo. Wondiuza kuti samwa ndimamukhulupirira, ndimamuyamikira, ndimafunsa funso limenelo basi, n'kupitiriza ndi chimene wadzera.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti mafunsowa ndi mankhwala. Anthu amachepetsa nambala, ena dala, ambiri chifukwa sankawerenga. Mapointi si dzina la matenda, amangoloza pofunika kuyang'anitsitsa. Ndipo phindu la kukambirana kwachidule ndi lochepa. Bungwe la Cochrane litaphatikiza kafukufuku wambiri mu 2018 linapeza kuti patapita chaka, olangizidwa ankamwa pafupifupi magalamu 20 ochepera pa sabata poyerekeza ndi anzawo, ndiye kuti miyezo iwiri. Kuunika kwina kwa bungwe lomwelo mu 2016, koona za achinyamata okha, kunapeza kusintha kochepa kwambiri. Ine ndimafunsabe. Mtengo wake ndi mphindi zochepa, ndipo popanda kufunsa sindikanadziwa za mtsikana uja. Sindikanadziwanso amene akudumphitsa ma ARV kumapeto kwa sabata poopa kuphatikiza ndi mowa, pamene choopsa kwambiri ndi kudumphitsako, kapena amene akumwa mankhwala a TB uku akuledzera, chiwindi chikumenyedwa mbali ziwiri. Komanso wachinyamata akaona kuti muno nkhani ya mowa imakambidwa popanda kukalipiridwa, tsiku limene zafika pothina amadziwa khomo logogoda.

Pali gulu limodzi limene langizo loti "siyani lero" lingaliphe. Mnyamata wina wa zaka 24 anapeza mapointi oposa 20. Ankamwa tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja ankanjenjemera mpaka atamwa pang'ono. Atamva nambala yake anachita mantha n'kunena kuti, "Basi anesi, kuyambira lero sindilawanso." Ndinamuletsa. Thupi likazolowera mowa chotero, ubongo umakhala utadzikonza kugwira ntchito mowa ulipo, ndipo ukachoka mwadzidzidzi zinthu zimasokonekera. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 munthu amayamba kunjenjemera, thukuta, nseru ndi mantha. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Ena pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi amasokonezeka mutu, amaona zinthu zoti palibe, thupi limatentha, ndipo akapanda kuthandizidwa amatha kumwalira. Munthu wotere amasiya mowa moyang'aniridwa ndi achipatala, amapatsidwa mankhwala okhazika thupi monga diazepam kwa masiku ochepa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Tsiku lomwelo ndinamuperekeza mnyamatayo kwa dokotala, ndipo mnyamatayo anavomera kuti tiitane mkulu wake adzakhale naye. Ngati mumanjenjemera m'mawa, kapena munagwapo mutasiya kumwa, musayese kusiya nokha kunyumba. Pitani kuchipatala, mukanene nambala yeniyeni ya mabotolo ndi nthawi imene munamwa komaliza, chifukwa dokotala amawerengera maola kuchokera pamenepo.